Tsiku la usipa ankalitchula ndi mwezi

Kwathu kwa Maganga, tsiku loti usipa ukafike kwa wogula silinkatchulidwa ndi wogulayo, ngakhale akhale ndi ndalama zotani. Amayi anga ankapikula usipa ku Senga Bay n'kumakaupereka kwa anthu awo ku Lilongwe, ndipo akafunsidwa kuti katundu abwera liti, ankayamba awerenga mwezi wa kumwamba.

Chifukwa chake chili m'madzi. Usipa amaugwira usiku ndi khoka la chilimira, siginala atayatsa nyali pa bwato kuti nsomba zisonkhane. Mwezi ukawala, nyali ija ilibe mphamvu, ndipo asodzi ambiri amangokhala kumtunda kusoka makoka. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mwera ukhoza kuwomba masiku otsatizana, bwato osalowa m'nyanja. Ukagwidwa, usipa uyenera kuyanikidwa pa thandala mpaka uume; nthawi ya mvula amaufutsa kaye, apo ayi uola. Amayi ankaphatikiza zonsezi, n'kuwonjezerapo tsiku lodikira matola, kenako n'kunena kuti, "Mundiyembekezere mdima ukagwira." Wogula ankamva.

Nthawi yolembedwa papepala inabwera ndi njanji, imene inafika ku Salima mu 1935 kuchokera ku Blantyre, ndipo mu 1979 inapitirira mpaka ku Lilongwe. Sitima inali ndi tsiku lake. Thonje linkakwanitsa kuidikira m'matumba, koma nsomba ayi.

Chimene chinasinthadi malondawa ndi foni. Airtel Money itayamba mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, wogula wa ku Kawale kapena Mchesi anayamba kutumiziratu ndalama n'kulamula kuti, "Lachisanu ukhale utafika." Ubwino ulipo, sindikana: munthu sayendanso ndi ndalama m'chitenje. Koma amene walandira ndalama amachita manyazi kunena kuti nyanja yakana. Ena amagula modula kuti asunge lonjezo, phindu lonse n'kuthera pomwepo. Ena amalongedza usipa wosauma bwino, umene umakafika utayamba fungo, ndipo kasitomala uja sabweranso. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa dzina limene limaipa ndi la usipa wa ku Salima.

Inu ogula a m'tauni, musanatchule Lachisanu lanu, funsani kaye ngati kunyanja kuli mdima, ngati mwera waleka, ndiponso ngati thandala laona dzuwa.