Mbiri ya Umodzi wa Mpingo pa Mishoni ya Blantyre

Mzinda wa Blantyre unayamba ngati mudzi wa mpingo, ndipo misewu imene lero imalowera ku Sunnyside, kukwera ku Ndirande kapena kulunjika ku Limbe inadza pambuyo pa mishoni imene mpingo wa Church of Scotland unakhazikitsa pa 23 Okutobala 1876, pa malo amene mfumu Kapeni inapereka. Amene anasankha malowo ndi Henry Henderson, koma womuperekeza ndi kumumasulira anali Tom Bokwito, mwana wa dziko lino amene anawomboledwa m'manja mwa ogulitsa akapolo ali wamng'ono. Kuyambira tsiku limenelo, funso limene lakhala likubwerera mu mpingowu, litavala malaya atsopano m'badwo uliwonse, ndi lakuti kodi anthu osiyana khungu, chilankhulo ndi chuma angathe kukhala banja limodzi popanda wina kukhala pamwamba pa mnzake.

Chiyambi chake sichinali chonyaditsa, ndipo mbiri imene imabisa zimenezi imanamiza owerenga. Amishonale oyamba anadziyesa boma, nayamba kuweruza milandu ya kuba ndi kupha ngati kuti dzikoli linalibe mafumu. Anthu ankakwapulidwa ndi chikoti, wina anafa nacho chikoticho, ndipo mu 1879 munthu woganiziridwa kuti anapha mayi wina anawomberedwa ndi mfuti molamulidwa ndi a mishoni. Mlendo wina wa ku Australia, Andrew Chirnside, anaulula nkhanzazi m'kabuku kamene kanatuluka mu 1880, ndipo mpingo wa ku Scotland utatumiza anthu odzafufuza, unachotsa ntchito mtsogoleri wa mishoniyo, Duff Macdonald, pamodzi ndi John Buchanan ndi George Fenwick. Ntchito yonse inatsala pang'ono kutsekedwa isanakwanitse n'komwe zaka zisanu.

Munthu amene anatumidwa kudzatola zotsalazo mu 1881 anali mbusa David Clement Scott, ndipo chimene anayamba kuchita ndicho kutula pansi mphamvu zimene anzake anadzipatsa. Mikangano ya pakati pa mishoni ndi midzi yoyandikana nayo anayamba kuikamba pa bwalo monga mwa mwambo wa eni nthaka, kumene aliyense amapatsidwa mpata wolankhula mpaka mbali zonse zitakhutira. Anaphunzira Chimang'anja mozama kotero kuti mu 1892 anatulutsa buku lalikulu lotanthauzira mawu a chilankhulocho, limene akatswiri akuligwiritsabe ntchito, ndipo mu 1884 anayenda wapansi kukaonana ndi Chikuse, mfumu ya Angoni, pofuna kuti pakhale kumvana pa nthawi imene nkhondo za Angoni zinkasautsa anthu a m'mapiri a Shire. Kudzichepetsa kwa Scott sikunali kwa mawu ofewa, pakuti anali munthu wamakani amene anatsutsana ndi boma la atsamunda komanso kampani ya Cecil Rhodes mosaopa. Kunali kuvomereza kuti Mkhristu wa ku Ulaya ali ndi zoti aphunzire kwa Mmang'anja ndi Myao.

Umboni wooneka ndi maso wa maganizo amenewa ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinayamba kumangidwa mu 1888 ndi kupatulidwa pa 10 Meyi 1891. Scott sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo anthu amene anagwira ntchitoyo anali amuna a m'midzi yozungulira amene anali asanamangepo nyumba ya mtundu umenewo. Njerwa zinaumbidwa ndi dothi la komweko ndi kuwotchedwa ndi nkhuni, ndipo zikombole zake zinasemedwa mosiyanasiyana kotero kuti m'makoma ake muli njerwa za mitundu 81. Woyandikira khomalo amaona kuti zokongoletsa za m'mphepete mwa mazenera ndi m'zipilala sizinamatidwe pamwamba ayi, koma ndi njerwa zenizenizo, ina yopindika, ina yosongoka, ina yokhala ndi mphako, iliyonse yoikidwa pamene inzake yowongoka sikanakwanira. Gawo lililonse ankayamba aliyala popanda matope kuti aone ngati likhala, kenako n'kulimanga.

Miyezi yomaliza ya ntchitoyo inali ya maliro. Kumayambiriro kwa 1891 mwana wa Henderson anagwidwa ndi nthenda yotseka kukhosi, ndipo dokotala wa mishoni, John Bowie, amene anali mlongo wake wa mayi a mwanayo, anaboola pakhosi pa mwanayo nayamwa ndi pakamwa pake zimene zinkatseka mpweya, akudziwa bwino lomwe kuti nthendayo ndi yopatsirana. Mwanayo anamwalira, mayi ake anatsatira, Bowie nayenso anapita, ndipo Henderson, amene anatsala wosweka mtima, anafera ku Quelimane ali pa ulendo wobwerera kwawo. Otsalawo anamaliza tchalitchi ndi kuchipatula patangopita miyezi yochepa. Mu 1895 Scott anataya mkazi wake komanso mbale wake, dokotala William Affleck Scott, koma sanachoke mpaka 1898, thupi litafooka.

Chimene chinamutopetsa kwambiri Scott sichinali malungo okha. Iye ankakhulupirira kuti mpingo ndi umodzi, ndipo kuti Mgonero wa Ambuye, umene ndi mwambo wodyera pamodzi mkate ndi kumwera chikho pokumbukira imfa ya Khristu, sungagawidwe potengera khungu. Azungu ambiri a minda ya khofi ndi a malonda, amene anayamba kuchuluka m'tauniyo, sanakondwe nazo, ndipo madandaulo awo anafika mpaka ku Edinburgh, kumene kunachokera gulu lina lodzafufuza mu 1897. Chinanso chimene chinawaipira n'chakuti pofika 1894 Scott anali atapatula atumiki asanu ndi awiri a Chiafirika, amuna amene ankawakonzekeretsa ubusa ndi kuwapatsa mphamvu zoweruza nkhani za mu mpingo. Pakati pawo panali Harry Kambwiri Matecheta, Mungo Murray Chisuse, amene anadziwika ndi ntchito yosindikiza mabuku ndi kujambula zithunzi, ndi John Gray Kufa, amene anaphunzira za chipatala. Scott atachoka liwiro limeneli linazilala, ndipo Matecheta anadikira mpaka 1911 kuti adzozedwe ubusa pamodzi ndi Stephen Kundecha, atagwira kale ntchito yolalikira pakati pa Angoni a ku Ntcheu kwa zaka zambiri popanda kunyanyala kapena kukayambitsa mpingo wakewake. Pa mbiri yonseyi, kupirira kwa amuna amenewa ndiko kumene sikutchulidwa mokwanira.

Si onse amene anapirira mwa njira imeneyo. Pamene John Chilembwe anaukira boma pa 23 Januwale 1915, Kufa, amene anali mkulu wa mpingo wa Blantyre, anali mbali yake, ndipo boma linamupha. Azungu ambiri analoza chala mishoni ya Asikoti kuti ndiyo inkadzitukumulitsa Aafirika ndi maphunziro. Pa kafukufuku amene anatsatira, nkhani imene inatenga malo aakulu inali ya chipewa, popeza pa nthawiyo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi Mzungu aliyense pa msewu, Mzunguyo n'kungodutsa osayankha. Alexander Hetherwick, amene analowa m'malo mwa Scott, anauza ofufuzawo kuti ulemu uyenera kubwezedwa, ndipo Mzungu amene wavulidwira chipewa ayenera kusonyeza kuti waona. Lero nkhaniyi ingaoneke yaing'ono, koma inali kunena poyera kuti kudzichepetsa kumene kumafunidwa kwa mbali imodzi yokha ndi ukapolo wovala dzina lina.

Umodzi wa pakati pa mishoni zosiyanasiyana unayambira pa Baibulo usanafike pa malamulo. Msonkhano wa amishonale umene unachitikira ku Livingstonia mu 1900 unagwirizana kuti pakhale Baibulo limodzi la Chinyanja loti liziwerengedwa kummwera ndi pakati pomwe, ndipo ntchito yaikulu anaisenza ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ku Mvera, mothandizana ndi Hetherwick komanso aphunzitsi a Chiafirika a mbali zonse ziwiri. Panafunika kulolerana pa mawu, Mmang'anja kusiya liwu lake lina kuti Mchewa amve, Mchewa naye chimodzimodzi, ndipo zotsatira zake ndi Buku Lopatulika la 1922. Patapita zaka ziwiri, pa 17 Seputembala 1924, mipingo ya Blantyre ndi Livingstonia inalumikizana ku Livingstonia kukhala Church of Central Africa Presbyterian, kapena kuti CCAP, Robert Laws wa ku Livingstonia n'kukhala mtsogoleri wake woyamba. Liwu lakuti Presbyterian limanena za mpingo umene umayendetsedwa ndi mabwalo a akulu a mpingo ndi abusa, osati ndi bishopu mmodzi. Nkhoma, ya mishoni ya Dutch Reformed ija, inalowa mu 1926, Harare mu 1965, ndipo Zambia inakhala sinodi yachisanu mu 1984.

Komabe mgwirizanowo unasiya sinodi iliyonse ndi ulamuliro wake, chuma chake ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene panatsala mng'alu. Mkangano wa malire pakati pa Livingstonia ndi Nkhoma, umene unakula kwambiri m'zaka za m'ma 2000 mpaka sinodi iliyonse kuyamba kutsegula mipingo m'dera la inzake, unaonetsa kuti dzina limodzi silinathetse kukokerana kwa zigawo ndi zilankhulo.

Chochititsa chidwi n'chakuti mpingo wa mu Blantyre wakhala ukugwirana manja kwambiri pa nthawi ya mavuto. Mu 1958 Sinodi ya Blantyre inalankhula poyera motsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo boma litalengeza za ngozi pa 3 Malichi 1959 n'kutsekera anthu mazanamazana, ambiri mwa iwo ku Kanjedza ku Limbe, abusa monga Andrew Ross ankalowa kumeneko kukachititsa mapemphero pakati pa omangidwawo, amene ena anali akulu a mpingo womwewo. Ufulu utabwera zinthu zinatembenuka, pakuti wolamulira tsopano anali Dr Hastings Kamuzu Banda, amene ankadzitcha mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Ross anachoka m'dziko mu 1965, ndipo Jonathan Sangaya, Mmalawi woyamba kukhala mlembi wamkulu wa sinodiyi, anamwalira mu 1979 atangotengedwa ndi apolisi. Zaka zambiri za nthawi imeneyo mpingo unakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko sikungatchedwe kudzichepetsa. Kunali mantha, ngakhale kuti anali mantha omveka.

Amene anaswa chetecho anali Akatolika, amene kuyambira pamene ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901 ankalimbirana midzi ndi sukulu ndi Apulotesitanti ngati adani. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi, yotsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona wa Blantyre, inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, kuphatikizapo cha CI pafupi ndi Sunnyside ndi tchalitchi chachikulu cha ku Limbe, ndipo inadzudzula kumanga anthu popanda mlandu, kusowa kwa ufulu wolankhula ndi kusiyana kwa olemera ndi osauka. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anafunsidwa mafunso ndi apolisi kwa maola ambiri, mmodzi wa osayina kalatayo, John Roche, anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa. M'mwezi wa Juni atsogoleri a CCAP a Blantyre ndi Livingstonia, pamodzi ndi nthumwi za bungwe la mipingo ya Reformed pa dziko lonse, anapereka kalata yawo kwa Kamuzu yogwirizana ndi zimene Akatolika ananena, pa nthawi imene mlembi wamkulu wa Blantyre anali Silas Ncozana. Sinodi ya Nkhoma inaima padera. Kumapeto kwa chakacho kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee, lophatikiza Akatolika, Apresibiteriyani, Aangilikani, Asilamu, maloya ndi a malonda, limene linakambirana ndi boma mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Buku Loyera, Baibulo limene Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira limodzi, linatuluka mu 1998.

Masiku ano malire amene Scott ankalimbana nawo sali pa khungu koma pa thumba. Sunnyside, amene m'nthawi ya atsamunda anali malo a Azungu, tsopano ndi malo a Amalawi opeza bwino, okhala m'mipanda yaitali, pamene Mbayani ndi Ndirande ndi kwa anthu amene amadya zimene apeza tsikulo, ndipo onsewa amakumana m'mipingo imodzimodzi. Chimene chimawalumikiza kwambiri si ulaliki wa Lamulungu, koma milaga, imene ndi timagulu ta Akhristu oyandikana nyumba topempherera m'makomo mosinthana, ndiponso Mvano, bungwe la amayi limene dzina lake limachokera ku kumvana, ndipo ku Nkhoma limatchedwa Chigwirizano, ku Livingstonia Umanyano. Pa maliro, mayi wotsika m'galimoto ndi mayi wobwera wapansi amavala bulauzi yoyera imodzimodzi, duku loyera ndi siketi yakuda, amakhala pa mphasa imodzi m'nyumba ya siwa, n'kuchezera kuimba usiku wonse. Ndipo mpingo umene wakhala ukukangana pa maudindo ndi pa ndale m'misonkhano yake ikuluikulu wasungidwa kwambiri ndi amayi amenewa, amene kwa zaka zoposa zana sankaloledwa kukhala abusa.

Tchalitchi cha njerwa chija chidakalipo pafupi ndi sukulu ya Henry Henderson Institute, imene inatsegulidwa mu 1909, ndipo boma limachisunga ngati chimodzi mwa zipilala za mbiri ya dziko. Chinachepa kalekale kwa Akhristu ake, kotero kuti mapemphero akuluakulu amachitikira m'holo yaikulu imene inamangidwa chapafupi. CCAP inakwanitsa zaka 100 mu 2024 nkhani ya malire a masinodi isanathe, ndipo tsiku la 23 Okutobala 2026 ndilo lokwanitsa zaka 150 chikhazikitsire mishoni ya Blantyre.