Kodi mmwenye ndani?

Ku Benga ndi ku Moatize m'dziko la Mozambique, mlendo aliyense wa ku Asia akangotsika m'galimoto, ana amayamba kukuwa kuti "Mmwenye!" Komatu dzinali lili ndi eni ake. Mmwenye ndi munthu wochokera ku India kapena Pakistan, makamaka wa malonda. Mawuwa anachokera ku Chiswahili, komwe mwenye kapena mwinyi ndi mwini wake wa chinthu. Apwitikizi anawapotoza n'kukhala monhé, dzina lomwe ambiri ku Mozambique amalimva ngati chipongwe, choncho ndi bwino kulipewa.

Mayi wa ku Zóbuè akamayala zitenje pamsika n'kumauza mnzake kuti "izi ndakapikula kwa amwenye ku Limbe," walankhula molondola. Chimodzimodzinso wonena kuti mgodi wa malasha wa Benga uli m'manja mwa amwenye, poti kampani ya ku India ya ICVL inagula gawo lalikulu la mgodiwo kwa kampani ya Rio Tinto mu 2014.

Pamene anthu amaphonya ndi pa amisiri a ku Vietnam omwe anabwera ndi Movitel, kampani ya mafoni yomwe inayamba ntchito ku Mozambique mu 2012. Iwowa si amwenye, si Matchainanso ayi. Akatswiri ofufuza za mitundu ya anthu ndi miyambo yawo amaika Vietnam m'chigawo cha kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, pamodzi ndi Thailand, Indonesia ndi Philippines. Boma la Vietnam limawerenga mitundu 54 ya anthu ake. Ochuluka ndi a Kinh okhala m'zigwa, pomwe a Hmong amalima m'mapiri akumpoto ndipo ali ndi chilankhulo chawochawo.