Dziko limodzi? Kuno ku Kopala tinalilawapo kale

Funso ili limabwerabwera m'mapologalamu athu a pa wailesi, makamaka mzere wa malole ukatalika pa Kasumbalesa kapena mtengo wa ufa ukakwera. Woimba foni amafunsa kuti: bwanji maiko amene analamulidwa ndi Britain sangogwirizana n'kukhala dziko limodzi, la mbendera imodzi, ndalama imodzi ndi pasipoti imodzi? Ena amalota za maiko onse 56 a mu Commonwealth. Ena amati tiyambe ndi anansi, Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, poti chinenero cha boma n'chimodzi, nsima ndi imodzi, ndipo tinakwatirana kale.

Maloto amenewa si oseketsa. Koma tisanawakometsere kwambiri, tikumbuke kuti ife a ku Kitwe ndi Ndola tinakhalamo kale m'dziko lotere. Linkatchedwa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Linabadwa mu 1953, linafa pa 31 December 1963, ndipo ndalama zoliyendetsa zinkachokera pansi pa mapazi athu.

Amene anachilimbikira kwambiri Chitaganya anali Azungu awiri. Woyamba ndi Godfrey Huggins, nduna yaikulu ya Southern Rhodesia. Wachiwiri ndi Roy Welensky, amene ankayendetsa sitima ya pamtunda ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe. Mfundo zao zinkamveka zokoma, ndipo zikufanana ndi zimene timamva lero. Ankati Northern Rhodesia ali ndi mkuwa, Southern Rhodesia ali ndi mafakitale ndi malasha a ku Wankie, Nyasaland ali ndi anthu ambiri ofuna nchito. Atatuwa akaphatikizana padzakhala msika waukulu ndi chitukuko cha onse. Anautcha mgwirizanowu ubale wa mitundu. Koma Huggins yemweyo anayerekezera ubalewo ndi wa munthu wokwera kavalo ndi kavalo wake, ndipo makolo athu sanafunikire womasulira kuti adziwe kavalo anali yani.

Anthu akuda sanafunsidwe. Ku Southern Rhodesia kunachitika voti mu April 1953, koma ovota pafupifupi onse anali Azungu. Kuno ndi ku Nyasaland kunalibe voti n'komwe. M'nyumba ya malamulo ya Chitaganya munali mipando 35, ndipo 6 yokha ndiyo inali ya anthu akuda, iwiri pa dziko lililonse.

Kukana kunayamba kale chisanabadwe. Mu 1949 ku London, Harry Nkumbula ndi Dr Hastings Kamuzu Banda analembera pamodzi chikalata chotsutsa ganizoli. Ku Ndola kunali kagulu ka achinyamata kolimbana ndi Chitaganya, m'mene munali Justin Chimba, Reuben Kamanga ndi Simon Zukas, injiniya wachizungu amene boma linam'thamangitsa m'dziko mu 1952 chifukwa cha nkhani yomweyi. Mu March 1953 Nkumbula anatentha chikalata cha boma chonena za Chitaganya pamaso pa khamu ku Lusaka. Ku Ntcheu, Inkosi Gomani II inauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma, ndipo inachotsedwa pa mpando.

Koma pali mbali ina imene sitiikamba kawirikawiri. Pamene Nkumbula anaitanitsa masiku awiri a mapemphero mu April 1953, kuti anthu asapite ku nchito, bungwe la anchito a m'migodi lotsogoleredwa ndi Lawrence Katilungu silinalowe nao mokwanira. Migodi inayenda, ndipo Chitaganya chinabwera. Munthu wa ku Wusakile ankadziwa kuti akachotsedwa nchito, nyumba ya kampani nayonso yapita. Anthu a Kopala sanali amantha, poti mu 1935 ndi mu 1940 anafa ndi zipolopolo pa sitalaka za ku Luanshya ndi ku Nkana. Kungoti nkhani za malamulo a dziko zimaoneka zakutali poyerekeza ndi poto wa pamoto, mpaka tsiku limene zimafika mu poto momwemo.

Ife a pa wailesi tili ndi phunziro lathu pa nthawi imeneyi. Ku Lusaka kunali nyumba ya mphepo ya Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba ndi zinenero zina kupita ku maiko onse atatu. Anthu ankaimvera pa kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, ndipo ankakonda oimba monga Alick Nkhata. Itayamba kuwerenga zikalata za boma zotamanda Chitaganya, mphekesera zinafala m'makomboni kuti oulutsa mau ake ndi abanyama, anthu oba anzao usiku, ndiponso kuti shuga wa m'masitolo wathiridwa mankhwala oletsa kubereka. Mphekeserazo zinali zabodza, koma zinasonyeza kukula kwa mantha. Anthu akasiyidwa kunja kwa bwalo pokambirana za tsogolo lao, amadzifotokozera okha zimene zikuchitika, ndipo ngakhale wailesi yao saikhulupiriranso.

Nanga ndalama zinayenda bwanji? Apa ndi pamene olota dziko limodzi ayenera kuchedwapo. Likulu linaikidwa ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Msonkho wa phindu la makampani, umene waukulu wake unkachokera ku Nkana, Nchanga, Mufulira ndi Roan Antelope, unkalowa m'thumba limodzi. Pa mapaundi 100 alionse, oposa 60 ankatsala ku boma la Chitaganya, ndipo Northern Rhodesia ankalandira osakwana 20. Boma la Chitaganya linkasamala asilikali, kasitomu, zipatala ndi sukulu za ana a Azungu, pamene sukulu za ana akuda zinasiyidwa kwa maboma a maiko atatuwo, amene matumba ao anali atachepa. Makampani akuluakulu a migodi anasamutsira malikulu ao ku Salisbury. Yunivesite imodzi yokha ya Chitaganya inamangidwa komweko. Yathu ya ku Lusaka inadzatsegulidwa mu 1966, ufulu utabwera kale. Nyumba zosanja zinkamera ku Salisbury ngati bowa, mpaka ngakhale Azungu a kuno anaupatsa mzindawo dzina la Chilapalapa loti Bamba Zonke, kutanthauza wotenga zonse.

Chitsanzo choonekeratu ndi damu. Northern Rhodesia anali atakonza kale zomanga damu la magetsi pa Kafue, mtsinje umene uli wonse m'dziko lathu. Boma la Chitaganya linasankha Kariba m'malo mwake, ndipo makina opangira magetsi anaikidwa kutsidya la kum'mwera. Atonga pafupifupi 57,000 anachotsedwa m'chigwa cha Zambezi, ndipo mu 1958 apolisi anapha anthu 8 ku Gwembe amene ankakana kusamuka. Makampani a mkuwa anabwereketsa ndalama zambiri za nchitoyi, koma chozimitsira magetsi a migodi yathu chinakhala m'manja mwa ena.

Sitikunena kuti palibe chabwino chinachitika. Misewu ina inamangidwa, zipatala zina zinakula, ndipo munthu ankachoka ku Blantyre kudzera ku Salisbury mpaka ku Ndola ali ndi ndalama ya mtundu umodzi m'thumba. Koma munthu yemweyo, akafika pa butchala ya m'tauni ku Kitwe, ankagulitsidwa nyama kudzera pa kawindo ka kumbali. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mapeto ake anayambira ku Nyasaland, dziko losauka kwambiri mwa atatuwo. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, Banda anamangidwa n'kutumizidwa ku ndende ya Gwelo, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa, ena a iwo pa doko la Nkhata Bay. Mwezi womwewo chipani cha Kenneth Kaunda chinaletsedwa kuno, iye n'kukatsekeredwa ku Kabompo. Mu 1960 komiti ya Monckton, yotumidwa ndi Britain yemwe, inavomereza kuti anthu akuda amadana nacho Chitaganya ndipo dziko lofuna kutulukamo liyenera kuloledwa. Mu 1961 kunabuka Cha Cha Cha kumpoto ndi ku Luapula, milatho ndi misewu zinatsekedwa. Mu 1963 anakumana ku Victoria Falls kugawana katundu. Malawi analandira ufulu pa 6 July 1964, Zambia pa 24 October chaka chomwecho.

Kugawana katundu kuja kunatipweteka kachiwiri. Ndege zambiri zankhondo, zogulidwa ndi msonkho wa tonse, zinapita ku Southern Rhodesia. Ian Smith atadzilengezera ufulu pa 11 November 1965, Zambia inapezeka kuti njanji yake, malasha ake, mafuta ake ndi magetsi ake zonse zikudzera kwa mdani. Tinachita kumanganso dziko moyang'ana kumpoto ndi kum'mawa. Paipi ya mafuta ya Tazama, yotalika makilomita pafupifupi 1,700 kuchokera ku Dar es Salaam, inafika ku Ndola mu 1968. Fakitale ya Indeni inatsegulidwa mu 1973, chaka chomwe Smith anatseka malire. Njanji ya TAZARA inafika ku Kapiri Mposhi mu 1975. Damu la Kafue lija linamangidwa pomalizira pake. Ukwati wa zaka 10 unatitengera zaka zoposa 10 kuti tilipire chisudzulo chake.

Si ife tokha. Chitaganya cha zilumba za West Indies chinakhala kuyambira 1958 mpaka 1962, chinatha Jamaica atavota kuti atulukemo. Senegal ndi Mali anayesa mu 1959, chaka chotsatira anasiyana. Senegambia inayamba mu 1982 n'kutha mu 1989. Mgwirizano woyamba wa Kenya, Uganda ndi Tanzania unagwa mu 1977, ndipo limodzi mwa madandaulo linali loti phindu lonse likuthera ku Nairobi. Umene wakhalitsa ndi wa Tanganyika ndi Zanzibar wa pa 26 April 1964, ndipo ngakhale kumeneko Zanzibar anasunga pulezidenti wake ndi nyumba yake ya malamulo, komanso mikangano ya mgwirizanowo sinathe. Ngati maiko oyandikana zinawavuta chotere, kuli bwanji Commonwealth yonse, m'mene India yekha ali ndi anthu oposa theka la onse? Voti ya Mzambia ikanamira ngati mchere m'nyanja.

Komabe pali umodzi wina umene sunafe mu 1963, chifukwa sunalembedwe ku London. Unamangidwa m'makomboni. Anyasa anabwera ku migodi kuyambira m'ma 1920, ambiri ophunzira ku Livingstonia, n'kukhala makalaliki, aphunzitsi ndi akuluakulu a mipingo. Anakwatira Alamba, Abemba ndi Ansenga. Lero ku Chamboli, Chimwemwe, Chifubu ndi Masala kuli mabanja a Phiri, Banda ndi Mwale amene agogo ao anachokera ku Kasungu kapena Nkhotakota, ana ao akulankhula Chibemba pa msewu ndi Chinyanja m'nyumba. Chaka chilichonse mu August, Achewa a Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ndalama ya Zambia ndi ya Malawi zonse zimatchedwa kwacha, mau amene omenyera ufulu ankafuula m'maiko onse awiri.

Ndipo umodzi umenewu tautchinjiriza mosakwanira. Kaunda, amene bambo wake anachokera ku Nyasaland, analetsedwa kupikisana pa chisankho cha 1996 chifukwa cha lamulo la makolo, ndipo mu 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linagamula kuti alibe dziko. Chigamulocho sichinakhalitse, koma chinaopseza mabanja ambiri a kuno amene mbiri yao ikufanana ndi yake. Zimadabwitsa kuti tilote pasipoti imodzi ya Afirika yense pamene mnansi wobadwira ku Buchi timam'funsabe kumene agogo ake anachokera.

Choncho woimba foni uja sitikumuyankha kuti iyayi. Tikumupatsa mafunso atatu amene Chitaganya chinatisiyira. Loyamba, kodi anthu wamba afunsidwa, aliyense ndi voti yake, m'dziko lililonse palokha? Lachiwiri, kodi thumba la ndalama lidzakhala kuti, ndipo dera lotulutsa chuma lidzatsala ndi zingati? Funsoli a Kopala timalifunsa ngakhale kwa Lusaka, tikaona maenje a m'misewu ya Kitwe pomwe malole a mkuwa amadutsa usana ndi usiku. Lachitatu, zinthu zikavuta, khomo lotulukira lili pati, ndipo mfuti ndi chozimitsira magetsi zidzatsala kwa yani?

Pakali pano nchito ya umodzi ilipo kale, yosafuna mbendera yatsopano. SADCC, kholo la SADC, inabadwira ku Lusaka mu 1980, ndipo likulu la COMESA lili komweko. Kariba lero akuyendetsedwa ndi Zambezi River Authority, bungwe la Zambia ndi Zimbabwe, ndipo madzi atachepa mu 2024 mdima tinagawana tonse. Pa Chirundu kuyambira 2009, ndi pa Mwami ndi Mchinji kuyambira 2022, woyenda amaima pamalo amodzi m'malo mwa awiri. Izi n'zazing'ono, koma mayi wopita ndi matumba a nsomba zouma kapena zitenje amaziona ndi maso. Tiyeni tifunse aphungu athu kuti zotere zifike liti pa Mokambo ndi Sakania, ndi kuti ana a Anyasa obadwira kuno apeze zitupa zao popanda kuzunzika. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma osenza dengalo ayenera kudziwa kuti nyumbayo ndi ya yani, ndipo adzagona mbali iti.