Boma linasamuka, nanga antchito ankagona kuti?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero tikambe mbiri ya kwathu kuno ku Mangochi.

Tauni yathuyi inayamba ngati linga la Angelezi m'chaka cha 1891, kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa Mfumu Mponda. Analitcha Fort Johnston. Malowo anali achinyontho ndipo malungo anawasautsa azunguwo, choncho mu 1897 anasamutsira boma kutsidya la kumadzulo, pomwe pali tauni lero. Iwo anazindikira msanga kuti malo ogona akaipa, munthu amadwala. Ndikafika pamenepa ndimafunsa ana m'kalasi: nanga amtengatenga a padoko ndi otema nkhuni za sitima zapamadzi ankagona kuti?

Funso lomweli linavutapo dziko la France pamene mafakitale ankayamba. Mu 1832 kolera anapha anthu oposa 18,000 mumzinda wa Paris, ambiri mwa iwo amphawi okhala mothithikana. Mu 1840 dokotala wina, Louis-René Villermé, analemba kuti ku Lille antchito a m'mafakitale a nsalu ankagona banja lonse m'zipinda za pansi pa nthaka, mopanda mpweya wabwino. Lamulo la 1850 linapatsa makhonsolo mphamvu yoyendera nyumba zoterezi. Mu 1853 eni mafakitale a ku Mulhouse anayamba kumanga nyumba zokhala ndi kadimba, zomwe antchito ankagula polipira pang'onopang'ono. Sichinali chifundo chokha ayi. Olemerawo anaona kuti matenda akabuka kwa wantchito sathera komweko.

Tibwerere kunyanja. Kolera anafika m'Malawi mu 1973. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Amene anafikapo pamadoko a asodzi sangadabwe. Alovi amagona m'zisakasa zaudzu, chimbudzi chokumba mumchenga sichichedwa kugwa, ndipo nyanja yomweyo ndiyo yomwa, yosamba ndi yotsukira nsomba.

Usipa umene timadyera nsima umachokera m'manja mwa anthu amenewa. Inu amene tsopano muli ku khonsolo, kuchipatala kapena muli ndi maboti anu, funso lija la m'kalasi likudikirabe yankho lanu.