Nyama Itakwera Mtengo: Mbiri ya Ulenje wa Munthu Wamba

Zilombo za gule wamkulu zikamatuluka ku dambwe, njovu ikuyenda mwa ulemerero wake ndipo kasiyamaliro akuzungulira pabwalo, timakumbutsidwa kuti padali nthawi imene nyama zakutchire zidali mbali ya moyo wa mudzi uliwonse. Lero ambiri mwa ana amene ali pabwalo pano sadaonepo njati kapena ntchefu yamoyo, ndipo bambo wodalira malipiro a pamwezi sangalote n'komwe zopita pa ulendo wosaka nyama zikuluzikulu, pakuti ulendo wotero umalipiridwa ndi madola. Mbiri yotsatirayi ikulondola mapazi a kusintha kumeneku, kuti tione momwe nyama idaikidwira mtengo umene munthu wamba sakadatha kuufikira.

Mtengo wa liwamba

M'masiku a makolo, umphawi sunkaletsa mwamuna kupita ku uzimba. M'chilimwe, zokolola zili m'nkhokwe ndipo udzu utauma, mwini dziko ankaloleza kuti tchire litenthedwe, ndipo uthenga unkayenda m'midzi kuti tsiku lakutilakuti kuli liwamba. Aliyense ankabwera ndi chimene ali nacho: wina uta ndi mivi, wina mkondo, wina chibonga, wina agalu ake. Ngakhale mnyamata wopanda chida adali ndi ntchito, yokuwiza nyama kuti zithawire kumene kwatcheredwa maukonde. Zida zonsezi zinkachokera m'dera momwemo. Chitsulo chinkasulidwa ndi amisiri a m'mudzi, maukonde ankalukidwa ndi luzi, ndipo ulembe wopaka ku mivi unkachokera ku njere za kombe, chomera chimene John Kirk, mnzake wa David Livingstone, adachipeza kwa alenje a m'chigwa cha Shire, ndipo pambuyo pake madokotala a ku Ulaya adapangako mankhwala a mtima.

Chimene mlenje ankalipira ndi mwambo. Ankadzisunga usiku woti mawa lake apita kutchire, mkazi wake wotsala pakhomo ankayenera kusunga nyumba mokhulupirika, ndipo mizimu ya makolo inkapemphedwa kuti itsegule tchire. Nyama ikagwa, inkatchedwa ya amene wailasa poyamba, koma iye sankachoka nayo yonse. Amene wathandiza kuigwetsa adali ndi gawo lake, mfumu idali ndi gawo lake, ndipo achibale otsala kumudzi ankadikira awo. Motero mphalapala imodzi inkathetsa nkhuli m'nyumba zambiri, ndipo mbiri ya mlenje inkakula malinga ndi kuchuluka kwa anthu amene adawadyetsa.

Mnyanga wogunda pansi

Tisadzinamize kuti nyama iliyonse idali ya aliyense. Njovu idali ndi malamulo akeake. Ikaphedwa, mnyanga umene wagunda pansi udali wa mwini nthaka, ndipo kudzera m'mafumu aang'ono minyanga yotere inkafika kwa Kalonga, kwa Undi ndi kwa Lundu. Zikopa za mkango ndi nyalugwe nazonso zinkaperekedwa kwa mfumu. Ufumu wa Amaravi udakula ndi malonda amenewa, posinthanitsa minyanga ndi nsalu komanso mikanda ya Apwitikizi a ku Tete ndi ku Sena. Gaspar Bocarro, amene adayenda ulendo wapansi kuchokera ku Tete kukafika ku Kilwa mu 1616, adalandiridwa m'njira ndi Muzura, mmodzi mwa mafumu amphamvu a nthawi imeneyo. Komabe msonkho wa mnyanga unkaperekedwa nyama itafa kale. Mlenje sankafunsidwa chuma asadalowe m'tchire, ndipo mnyanga winawo pamodzi ndi nyama yonse zinkatsala kwa iye ndi anzake.

Zinthu zidayamba kusokonekera m'zaka za m'ma 1800, pamene mitengo ya minyanga idakwera m'misika ya kutali. Achikunda ochokera ku Zambezi, amalonda a Chiyao ndi a Chibisa, ndiponso Aswahili onga Jumbe wa ku Nkhotakota adabweretsa mfuti za gogodela ndi onga, ndipo m'maulendo awo opita kugombe munkayenda minyanga pamodzi ndi akapolo. Mwini mfuti adayamba kuposa mwini mkondo, ndipo alenje ambiri adasanduka antchito a amene adawabwereka mfuti. Azungu nawonso adalowa m'malondawo. Mu 1859 Livingstone adawerenga njovu pafupifupi 800 pamalo amodzi m'dambo la kumunsi kwa Shire, limene adalitcha Elephant Marsh. Kampani ya Mandala, imene idakhazikitsidwa mu 1878, inkagula minyanga, ndipo Alfred Sharpe, amene pambuyo pake adadzakhala bwanamkubwa, adafika kuno mu 1887 ngati mlenje wa njovu. Kuwonjezera apo, mliri wa ng'ombe wa rinderpest udasesa njati ndi ntchefu zambirimbiri m'zaka za m'ma 1890. Pamene zaka za m'ma 1900 zinkayamba, dambo la Livingstone lija lidali litatsala pang'ono kukhala ndi dzina lokha.

Chiphaso cha mapaundi 25

Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, boma la Harry Johnston lidalamula kuti wofuna kupha njovu ayambe wagula chiphaso cha mapaundi 25. Kuti timvetse kulemera kwa ndalama imeneyi, tiiyerekeze ndi malipiro a nthawiyo. Munthu wolima m'minda ya khofi ya azungu ku Blantyre kapena ku Mulanje ankalandira pafupifupi masheleni 3 pamwezi, kawirikawiri mwa nsalu, ndipo msonkho wa nyumba nawonso udali masheleni 3. Mapaundi 25 ndi masheleni 500. Wantchito wotero akadayenera kugwira ntchito pafupifupi zaka 14, osadyapo kapena kuvalapo kanthu, osakhoma ndi msonkho womwe, kuti agule chilolezo cha chaka chimodzi chopha nyama imene agogo ake ankaipha ndi mkondo. Lamulolo silidafunike kutchula mtundu wa munthu, pakuti mtengo wokhawo udasankha kale oyenera kusaka.

Mipanda ina idatsatira. Pangano la ku Brussels la 1890 lidaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo gogodela yemwe ankafuna chiphaso chake. Mu 1897 Elephant Marsh ndi dera la nyanja ya Chilwa adalengezedwa kukhala malo osungirako nyama. Mu 1900 mayiko a atsamunda adakumana ku London n'kugwirizana za kuteteza nyama za mu Africa, popanda mfumu kapena mlenje wa kuno kufunsidwa maganizo. Malamulo a nyama a 1911 ndi a 1926 adamangitsa zinthu koposa, ndipo njira za makolo monga mbuna, misampha ndi maukonde zidaonedwa ngati nkhanza zosayenera, pamene kuwombera ndi mfuti yodula kunkatchedwa masewera a anthu aulemu. Ku Kasungu anthu adasamutsidwa mu 1922 chifukwa cha matenda a kaodzera, ndipo malo amene adasiya adasanduka nkhalango yotetezedwa, kenaka malo osungirako nyama mu 1930.

Madandaulo sadasowe. Alimi ankaona njovu ndi njati zikumaliza chimanga usiku umodzi, iwo atamangidwa manja ndi lamulo. Dokotala wa mishoni ku Kasungu, George Prentice, adalimbana ndi boma kwa zaka zambiri ponena kuti kusunga nyama kukuchulukitsa kashembe ndipo kukuphetsa anthu ndi ng'ombe zawo. Lamulo la 1926 lidatsutsidwa ndi amishoni, azungu a minda ndiponso anthu akuda, koma lidakhazikitsidwabe.

Njira za wosauka

Nanga munthu wa masheleni 3 adatani? Ena adalowa ulenje kudzera khomo la kumbuyo, polembedwa ntchito pa maulendo a azungu. Adakhala atengatenga, osenza mfuti, osenda zikopa ndi olondola mapazi. Nzeru yodziwa kuti njati yadutsa liti, mphepo ikulowera kuti, ndiponso kuti yovulala yabisala pati idali yawo, koma chithunzi ndi nyanga zinkapita kwa bwana, iwo n'kutsala ndi nyama yofutsa. Ena pambuyo pake adalembedwa ndi boma ngati alenje othamangitsa nyama zoononga mbewu, ndipo mfuti yaboma ikagwetsa njovu, mudzi wonse unkathamangirako ndi mipeni ndi madengu monga kale.

Ambiri adatsikira ku nyama zazing'ono zimene lamulo silinkazilabadira kwenikweni: nguluwe zoononga chinangwa, akalulu, mbira, mbalame ndi mbewa. Luso la diwa, la khwekhwe ndi la kukumba mbewa lidapitirira kuphunzitsidwa kwa anyamata, ndipo ndi mmenemo mmene chidziwitso cha tchire chidapulumukira. Enanso adasunga magogodela awo m'madenga, amisiri n'kumawakonza mobisa, anthu angapo n'kumasonkherana onga kuti adzagawane nyama. Iwowa ndiwo adapatsidwa dzina latsopano la opha nyama mozembera lamulo, ndipo mdzukulu wa mlenje wotamandidwa adayamba kulowa m'tchire usiku ngati mbala.

Ufulu utabwera

Ufulu wa 1964 sudabweze liwamba, ndipo kunena zoona sukadatha kutero. Anthu adali atachuluka, tchire litasanduka minda, ndipo nyama zina monga nyumbu zidali zitatha kale m'dziko la Malawi. Boma latsopano lidakhazikitsa mapaki: Nyika mu 1965, Kasungu ndi Lengwe mu 1970, Liwonde mu 1973. Lamulo la nyama zakutchire la 1992, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa opalamula milandu ikuluikulu yokhudza njovu ndi chipembere. Chitetezo chabala zipatso zake: mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina zoposa 250 zidapita ku Kasungu. Koma amene amagona m'misasa ya m'munda kulondera chimanga, mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia, ndi alimi wamba omwe aja.

Kwa abale athu a ku Zambia ndi ku Mozambique, kumene ulenje wolipira ukuchitikabe m'madera osankhidwa, padayesedwa njira yobwezera mudzi gawo lake. Mu 1950 Norman Carr adagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda m'chigwa cha Luangwa kuti ipatule malo osungirako nyama, ndalama za alendo zizipita kwa eni dera. M'madera ozungulira mapaki a Luangwa, gawo la ndalama za ziphaso limayenera kufika kwa mafumu ndi makomiti a anthu a m'midzi. Ku Tete, ntchito ya Tchuma Tchato, kutanthauza chuma chathu, idayamba m'zaka za m'ma 1990 ndi cholinga chomwecho. Mlendo wodzasaka njati kapena njovu amalipira madola zikwizikwi, ndalama imene mphunzitsi, dalaivala kapena mlonda sangaisonkhanitse ngakhale atasunga kwa zaka zambiri. Kusiyana kumene kudayamba ndi mapaundi 25 kukadalipo, ndipo funso lotsala n'lakuti ndalama za mlendoyo zimathera m'manja mwa yani.

Apa ndi pamene mwambo wa makolo ukadali ndi mawu. Sitikuitana achinyamata kuti atenge mikondo abwerere m'tchire, pakuti nyama zatsala zochepa, ndipo zikatha, zilombo za pabwalo pano zidzakhala zikuimira zinthu zimene palibe adzazionenso. Chimene tiyenera kuchigwiritsa ndi lamulo la liwamba, loti nyama ya m'dera idyetse anthu a m'deramo, ndi lamulo la mnyanga wogunda pansi, loti mwini nthaka asadumphidwe. Mafumu akamakhala pansi ndi a boma ndiponso oyendetsa mapaki, afunse za ntchito za ana a m'midzi yozungulira, za chipepeso cha amene mbewu zawo zadyedwa kapena abale awo aphedwa, ndi za mwayi woti ana a sukulu alowe m'mapaki pa mtengo umene makolo awo angaukwanitse. Mwana amene lero waona njovu ya gule pabwalo lino ayenera kudzaonanso njovu yamoyo ku Kasungu, ku Luangwa kapena ku Liwonde, bambo ake asadagulitse mbuzi zonse za m'khola.