Kutepa Wailesi: Kuchokera pa Kaseti Kufika pa Podcast

Anzanga a m'gulu lino, amene munakula nthawi ya makaseti mukuikumbuka ntchito ija. Kaseti yopanda kanthu ili kale m'wailesi, zala ziwiri zili pa mabatani, mukudikira kuti muulutsi amalize kuyankhula nyimbo iyambe. Mukachedwa kudina, nyimbo mwaidula mutu. Mukadina bwino, muulutsi yemweyo ankalowerera pakati ndi moni wopita kwa anthu a ku Ntcheu, basi moniwo muziumva zaka zisanu. Sabata ino tiyeni tione kumene khalidwe lotepali linalowera wailesi itasamukira pa intaneti, chifukwa podcast imene ena mwa inu mumamvera m'minibasi inabadwira komweko.

Kaseti ija inatulutsidwa ndi kampani ya Philips ya ku Netherlands mu 1963, ndipo mu 1979 a Sony ku Japan anabweretsa Walkman, kachipangizo koimba kaseti kolowa m'thumba. Apa munthu anayamba kutepa madzulo zimene akamvere mawa lake panjira. Eni makampani a nyimbo sizinawasangalatse. Mu 1981 bungwe lawo ku Britain linayambitsa kampeni yonena kuti kutepa kunyumba kukupha nyimbo, chizindikiro chake chili kaseti yooneka ngati chigaza, mafupa awiri atapingasa pansi pake. Ku America nkhani yofanana nayo, yokhudza makina a vidiyo a Betamax, inakafika kubwalo lalikulu la milandu. Mu 1984 oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anagamula kuti kujambula pulogalamu ya pa TV kuti uionere nthawi ina kunyumba kwako si mlandu. Musaiwale chigamulochi, tikumana nacho kutsogoloku.

Wailesi ya pa intaneti inayamba mu 1993, pamene Carl Malamud anayamba kufalitsa macheza ake ndi akatswiri a makompyuta. Mu November 1994, WXYC, wailesi ya ophunzira a pa yunivesite ku Chapel Hill, North Carolina, inayamba kumveka pa intaneti nthawi yomweyo imene ikuulutsa. Mu 1995 kunabwera RealAudio, ndipo SHOUTcast itatuluka kumapeto kwa zaka zimenezo, aliyense wokhala ndi kompyuta ankatha kutsegula kawailesi kake kuchipinda, anthu a mayiko ena n'kumamumva.

Koma panali vuto, ndipo inu a bandulo mulimvetsa msanga. Intaneti ya nthawiyo inkadutsa m'chingwe cha telefoni ya m'nyumba. Ukafuna kumvera, unkayenera kukhala pampando pafupi ndi kompyuta, ndipo wina akafuna kuimba foni, wailesi yathera pomwepo. Ukatuluka pakhomo, zonse wazisiya. Komanso mawu a wailesi yotere sakhazikika: kompyuta imalandira tizidutswa, kutiimba, n'kutitaya.

Tizipangizo ta m'thumba toimba MP3 tinayamba kugulitsidwa mu 1998: MPMan ya ku South Korea, kenako Rio ya kampani ya Diamond ku America. Rio inkasunga 32 MB zokha. Tawerengetserani nokha: wailesi youlutsa pa 128 kbps imadya pafupifupi 57 MB pa ola, ndiye kuti m'kachipangizoko munkalowa mawu a theka la ola basi. Ngakhale zinali choncho, bungwe la makampani a nyimbo ku America, RIAA, linathamangira kukhoti kuti Rio isagulitsidwe. Linagonja mu 1999. Oweruza anakumbutsa chigamulo cha Betamax chija, nati munthu wosamutsa nyimbo zake kuchoka m'kompyuta kupita m'kachipangizo kake akungozigwiritsa ntchito payekha.

Tsono taonani mmene zinalili. Wailesi ili m'kompyuta koma singatuluke panja. Kachipangizo kali m'thumba koma sikadziwa intaneti. Amene analumikiza ziwirizi ndi omvera eniake, ndi nzeru yomwe ija ya kaseti. Cha m'ma 2000 kunatuluka mapulogalamu a kompyuta ngati Streamripper, amene m'malo motaya tizidutswa tija ankatilemba m'fayilo. Popeza wailesi za SHOUTcast zinkatumiza dzina la nyimbo pamodzi ndi mawu ake, pulogalamuyo inkadziwa pamene nyimbo ina yathera, n'kudula, n'kuipatsa dzina lake. Munthu ankasiya kompyuta ikutepa usiku wonse, m'mawa n'kulumikiza chingwe, kukopera, ulendo wa kuntchito. Zala ziwiri zija zinapuma, koma kudula mutu wa nyimbo sikunatheretu, chifukwa dzina linkafika mwina msanga mwina mochedwa.

iPod itatuluka pa 23 October 2001, yosunga 5 GB, vuto la malo linachepa. Chinatsala ndi chintchito chotepa ndi kukopera tsiku ndi tsiku. Apa mpamene ena anafunsa kuti, bwanji wopanga pulogalamu asangoikonza yekha ngati fayilo, kompyuta ya womvera izikaitenga yokha mwiniwake ali m'tulo? Dave Winer anali atakonza kale njira yomangirira fayilo ya mawu ku RSS, ndondomeko imene imadziwitsa kompyuta kuti kwatuluka zatsopano. Mu 2003 mtolankhani Christopher Lydon anaigwiritsa ntchito pofalitsa macheza ake, ndipo mu 2004 Adam Curry, amene kale ankaulutsa pa MTV, analemba kapulogalamu kotenga mafayilowo n'kuwalowetsa mu iPod. Liwu loti podcasting linaoneka m'nyuzipepala ya The Guardian mu February 2004, m'nkhani ya Ben Hammersley. Pofika June 2005, Apple inali italowetsa ma podcast mu iTunes. Chimene chinkaoneka ngati kuba chinasanduka njira imene nyumba zoulutsira mawu zikuluzikulu, kuphatikizapo BBC, zimafikira omvera.

Mwina mukuti, za azungu zimenezi zikutikhudza pati? Paja vuto lawo la 2001 ndi lathu la lero. Iwo intaneti inkatsala kunyumba. Ife imathera pamene bandulo yathera, kapena pamene basi yalowa malo opanda netiweki. N'chifukwa chake mumadawuniloda pamene mwapeza Wi-Fi, mumadzaza memori khadi, ndipo ena mumatepa pulogalamu ya FM pa foni kuti mukatumizire m'bale ali ku Joni. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mawu amene simunawasunge ndi a mphepo ndithu.

Pali malire amene tisawalumphe. Zigamulo ndatchulazi ndi za makhoti a ku America, ndipo zinkanena za munthu wosunga kuti amvere yekha. Kudzaza nyimbo za oimba athu m'makhadi n'kumagulitsa, iwo osapezapo kanthu, ndi nkhani ina, ndipo kwathu kuno a COSOMA alipo chifukwa cha zomwezo.

Koma ife okonda zolembalemba tili ndi chifukwa chathu chosungira. Ndakatulo zambiri za m'Chichewa, masewero ngati Kapalepale, ndi macheza a alembi athu zinafika kwa anthu kudzera pa wailesi, osati m'buku. Zina mwina zatsala pa kaseti imodzi yokha, imene munthu wamba anatepa ali pakhonde. Ngati kwanu kuli katoni ya makaseti a bambo kapena a malume, musaitaye. Tepi imaonongeka ndi chinyezi ndi kutentha. Pezani wailesi imene ikuimbabe kaseti, muike foni pafupi ndi sipika, mujambule, mulembe dzina la pulogalamu ndi chaka ngati mukuchikumbukira. Ngakhale moni wa ku Ntcheu uja musaudule.