Kulinganiza

Mawuwa amachokera ku "kulingana", kukhala ofanana msinkhu kapena muyeso. Kulinganiza ndiye kuika zinthu pambalipambali, kuziyeza, mpaka upeze zolingana. Mmisiri wokonza maampulifaya ku Limbe, kapena mnyamata wa ku Kanjedza wodzipangira chimkuzamawu cha pa zinkhoswe, akanena kuti akulinganiza matransista, amatanthauza ntchito imeneyi.

Maampulifaya ambiri amphamvu amayendera matransista awiri a Toshiba, 2SC5200 ndi 2SA1943. Wina amakankhira sipika kunja, mnzake amaikokera m'kati. Vuto n'lakuti ngakhale okhala ndi nambala imodzi sakulitsa magetsi mofanana: mlingo wake, wotchedwa hFE, umayambira pa 55 kufika pa 160. N'chifukwa chake fakitale imawagawa m'magulu awiri, R (55 mpaka 110) ndi O (80 mpaka 160), ndipo chilembocho chimadindidwa pathupi pa transistayo. Mmisiri wosamala sakhutira ndi chilembo. Amayeza aliyense pa mita, n'kulemba nambala yake pakapepala komata, kenako n'kusankha oyandikana.

Akapanda kutero, mawu amatuluka osasa. Choopsa kwambiri chili pamene matransista angapo agawana katundu mbali imodzi, ngati ng'ombe pagoli. Wokoka kwambiri amatentha, akatentha amakokanso magetsi ochuluka, mpaka amapsa ukwati uli m'kati. Tizitsulo ta 0.22 ohm toikidwa ku mwendo wa emitter timachepetsa vutoli, koma sitingapulumutse transista wachinyengo, wodindidwa dzina la Toshiba pomwe kachipangizo ka m'kati mwake n'kochepa.